Mapale Amene Anafukulidwa Kudimba

Amayi, kodi kumene muliko kukucha bwanji?

Ndine Elube, mwana wanu wachiwiri, uja munkamunena kuti anabadwa ndi funso kukamwa. Ndati ndikhale pansi ndikuuzeni za kuno, chifukwa zachuluka, ndipo zina sindingamuuze munthu wamoyo ndisanayang'ane uku ndi uku. Ndiyamba ndi zabwino, monga munkachitira inu mukafuna kumukalipira munthu.

Feliya, chitsiriza wanu, anachira bwinobwino. Ndi mwana wamwamuna, wamakutu otambalala ngati a bambo ake, ndipo akayamba kulira mudzi wonse umadziwa kuti kwacha. Chimanga chaka chatha tinakolola choti chatifikitsa mpaka pano, ngakhale kuponi ya feteleza tinachita kugawana mabanja awiri, kukhuthula thumba pamphasa n'kumayeza ndi mbale, aliyense maso ali pa dzanja la mnzake. Mtedza unabereka. Fodya ndiye musafunse. Achimwene a Laisoni anabwerako kuokushoni osalankhula ndi munthu. Denga la khitchini yanu linagwa ndi mvula yoyamba, tinafoleranso ndi udzu wa kudambo. Ine ndikuphunzitsabe pa sekondale yoyendera ija, ndipo njinga yanu ndi imene ikundinyamula, kungoti tcheni chimagwa nthawi zonse ndikachedwa.

Zabwino zathera pamenepa. Nkhani imene yandigwiritsa cholembera ndi ya dimba lanu la kudambo, lija lili ndi chitsime chimene munakumba nokha. Talitaya, Amayi, ndipo anthu ambiri kuno akuti ndinalitayitsa ndine. Ndikufuna mumve kwa ine mmene zinayendera.

Mukuwakumbuka a Chidzanja, a esiteti ya kutsidya kwa mtsinje. Chaka chimene munatisiya anabweretsa matenanti ena ochokera kummwera, mabanja ndi ana awo, malo n'kuwachepera. Misozi ya maliro anu isanaume n'komwe, tinayamba kumva kuti dimba lanu, pamodzi ndi munda wonse kukafika pachulu paja pali ng'anjo yakale, ndi malo a makolo awo. Munthu yemwe uja ankakuvulirani chipewa mukakumana panjira, amene ankagula masamba a m'dimba lomwelo osanenapo kanthu, mwadzidzidzi anakumbukira kuti agogo ake ankasungunula chitsulo m'ng'anjo imeneyo. Kukumbukira kobwera munthu wotsutsa atangoikidwa m'manda, ine sindikukhulupirira.

Paja ntchito yanga ndi kuphunzitsa mbiri yakale ana a Fomu Wani. Munkaiseka ntchito imeneyi, munkati boma likundilipira pofotokoza za anthu amene sangabwere kudzanditsutsa. Teremu yoyamba timayamba ndi funso lakuti, zakale timazidziwa bwanji? Ndimawauza ana kuti pali zimene anthu analemba, pali zimene amasiyirana pakamwa, ndipo pali zimene nthaka inasunga. Kale lenileni, lija anthu asanayambe kulemba, lilibe pepala ngakhale limodzi. Mboni zake ndi mapale, makala, mafupa, ndi ng'anjo ngati yathu ija. Ndipo ndimawauza kuti mboni iliyonse, kaya ndi munthu kaya ndi phale, asamangoivomera. Mafunso amene ndimawapatsa kuti aziifunsa ndi anu aja, amene munkatipanikiza nawo tikabwera ndi nkhani za kuchigayo: "Wakuuza ndani? Iyeyo analipo? Nanga akadyapo chiyani?" Anawo amalemba m'makope mosamala, amayesa ndinawatenga m'buku la azungu.

Nkhani ya a Chidzanja nditaiika pa mafunso amenewa inagwa yokha. Inu munkatiuza kuti agogo anu anaipeza ng'anjo ija itagumuka kale, mtengo utamera pakati pake, ndipo palibe ankadziwa anaimanga. Akatswiri amatha kutenga makala a m'ng'anjo zotere n'kukawayeza m'makina, kuti adziwe kuti mtengo umene unawotchedwawo unadulidwa liti. Yathuyi palibe anaiyezapo. Ndiye munthu akaimirira n'kunena dzina la womanga, ndikudziwa kuti mwina akunama kapena akubwereza bodza la wina.

Koma musakwiye, Amayi, mafunso omwewo ndinakufunsani nawo inunso mumtima. Tsiku lina munatiuza kuti agogo anu anafika pamalo pano chaka cha dzombe. Tsiku lina tikusenda chinangwa munati anafika chaka cha nthomba. Kodi chinali chaka chimodzi, kapena munkasankha chimene chakoma tsiku limenelo? Ndipotu nanunso panalibe. Munamva kwa amayi anu, amene ankanena nkhaniyi makamaka akayambana ndi anthu a malire. Sindikunena kuti munkanama. Ndikungonena kuti umboni wathu wonse unali mawu a munthu amene anapita, ndipo achimwene ankadziwa zimenezi. Zinkawasowetsa mtendere.

Nyengo ya nazale ya fodya itafika, achimwene anayamba kukumba chitsime china kumapeto kwa dimba, chakumalire. Ndinadabwa. Chanu chija chinali ndi madzi okwanira mbande zonse. Ndinadabwanso kuti akukumba okha, munthu amene ngakhale dzenje la zinyalala amachita kuitanira anzake. Alamu anga, akazi awo, atafuna kukawathandiza anawabweza. Ndinaona, ndinasunga mumtima.

Patapita masiku, m'mawa wina tinamva achimwene akufuula kudimba. Anthu anathamangira kumeneko, ena atanyamula zibonga poyesa kuti ndi nsato. Tinawapeza ali m'dzenje lowafika pachifuwa, atanyamula mapale m'manja.

"Taonani!" anatero. "Mbiya za agogo awo a amayi! Mtundu woumba mbiya kuno ndi uti? Si wathu? A Chidzanja abwere adzaone amene anayamba kukhala pano!"

Anthu anagwedeza mitu, chifukwa n'zoona kuti akazi a mtundu wathu ndiwo ankaumba. Ndikuuzeni chilungamo, nanenso mtima unadumpha. Ndinati mwina nthaka yatikumbukira. Madzulo ake achimwene anandipeza ndikuchapa, anakhala pa mtondo n'kutsitsa mawu.

"Elube, iwe ndiwe wa sukulu. Pabwalo ukangonena kuti mapalewa ndi akalekale, a makolo athu, nkhani yatha. Mphunzitsi wa boma amutsutsa ndani?"

Mawu akuti "ukangonena" ndi amene anandiyabwa. Munthu amene wapeza chinthu chenicheni amati bwera udzaone. M'mawa mwake, Loweruka, ndinamanga chitenje n'kukatsika m'dzenje lija ndekha.

Lamulo limene ndimaphunzitsa ana pa zofukula ndi losavuta: cha pansi ndicho chinayamba kufika. Zili ngati mulu wa fodya m'chigafa, tsamba la pansi ndi limene linaikidwa poyamba. Ndipo dothi limene silinasokonezedwe limaoneka mizeremizere, lililonse pamalo pake. M'khoma la dzenje lija zinali choncho ndithu. Pamwamba panali dothi lakuda limene mwakhala mukulima, pansi pake la mchenga, kenako dongo lotuwa lolimba loti khasu limachita kudumpha. Koma pamene panatuluka mapale panali kaphanga kolowa m'mbali, ndipo dothi lake linali lofewa, lakuda, lokhala ndi timizu ta chimanga. Dothi la pamwamba linakafika bwanji pakati pa dongo? Ndinapalasa ndi zala. Ndinapeza phale lina limene achimwene analiphonya, ndipo kunsi kwake kunali tizingwe toyera tapulasitiki, tina tokhala ndi utoto wa zilembo. Tinali ta thumba la feteleza, Amayi. Ngati cha pansi ndicho chinayamba, ndiye kuti thumba linafika mbiya isanafike, ndipo agogo anu sankalandira makuponi.

Ndinaseka pang'ono m'dzenjemo, ndisaname. Ndinati achimwene anatola mapale pa bwinja lina, anawanyamulira m'thumba long'ambika n'kudzawakwirira. Ndinati ndi uchitsiru chabe, ndikawakalipira kuseri n'kutha. Phale lija ndinalimanga pa chitenje n'kupita nalo kunyumba.

Kuseka kunathera m'beseni. Nditalitsuka, linali phale la pakhosi pa mtsuko, ndipo linali ndi tizizindikiro tozungulira tokhala ndi mano, tondondozana. Ana ndimawaphunzitsa kuti kakongoletsedwe ka mbiya kamanena nthawi yake ndi mwini wake. Apa sipanafunike buku. Akazi onse kuno ankalemba mbiya zawo ndi chipeso kapena kamtengo. Inu nokha ndi amene munkadinda ndi chotsekera cha botolo la zakumwa, munkati, "Chipeso n'cha aliyense, yanga izidziwika ikabedwa." Ndinakhala pansi ndi phale lija m'manja. Unali mtsuko wanu wa madzi akumwa, uja amayi aang'ono a Nachisale anauboola kunsi n'kuuika pamanda panu, akulu a mpingo atayang'ana kumbali ngati sakuona.

Ngakhale pamenepo ndinadzikayikira. Munaumba mitsuko yambiri, ina munagulitsa mpaka ku Chulu. Mboni imodzi siikwana, ndimatero m'kalasi. Ndiye ndinapita kwa amayi aang'ono, tinakapempha chilolezo kwa akuluakulu ngati tikufuna kukazula udzu, n'kulowa kumanda dzuwa lili pamutu. Mbale yanu inalipo. Kapu yanu inalipo. Pamene panali mtsuko panangotsala tako lake lobooka, m'mbali mwake mukuoneka kuti anachita kuswa ndi mwala posachedwa. Amayi aang'ono anagwira pakamwa. Ine ndinalira kuposa tsiku la maliro anu, ndipo kunali kulira kwa mkwiyo.

Achimwene ndinawapeza akukonza mitengo ya chigafa. Sindinawapatse moni.

"Achimwene, mtsuko wa amayi uli kuti?"

Anaima, nkhwangwa ili m'manja, osanditembenukira. Kenako anati, "Amayi akanakhala moyo akanandipatsa okha. Dimba lija linawathyola msana. Iwe ukufuna lipite kwa munthu wakuba chifukwa cha dothi lowotcha?"

"Munalowa kumanda nokha, n'kuswa chinthu cha amayi."

"Nanga bodza la a Chidzanja ndi laling'ono? Langa ndi lofuna kuteteza chathu. Lawo ndi lolanda. Sukulu yako sinakuphunzitse kusiyanitsa?"

Bodza la a Chidzanja linalidi lalikulu. Ndinangowachonderera kuti mapalewo awabweze mwakachetechete, pabwalo asakawatulutse, ndipo ine asakanditchule. Ndinawauza kuti akandifunsa sindikanama. Anaseka. Anati magazi ndi magazi, pamaso pa anthu sindingawavule. Ankandidziwa ngati mlongo wawo, anaiwala kuti ndine mwana wanu.

Mlandu unachedwa kulowa chifukwa amfumu anali pakati pa mikangano ya makuponi, ndipo tsiku limene unalowa ankaoneka otopa kale. A Chidzanja anafotokoza za agogo awo osula makasu, mokoma kwambiri. Amfumu atandilola, ndinawafunsa mwaulemu kuti anawauza ndani. Anati amalume awo. Ndinafunsa ngati amalumewo anaona ng'anjoyo ikuyaka. Anati ayi. Ndinafunsa chifukwa chake nkhaniyi sanainene inu muli moyo. Anayamba kukonza chipewa pa bondo. Anthu anang'ung'udza, ndipo ndinaona kuti mlandu ukupendekera kwathu. Tikanangokhala chete, Amayi, mwina lero ndikanakulemberani nkhani ina.

Koma achimwene anafuna kumaliziratu. Anaimirira, anamasula kansalu, n'kuyala mapale aja pamaso pa amfumu. Mbali yodindidwa anaiyang'anitsa pansi. Analankhula za agogo, za mbiya, za kuya kwa dzenje. Amfumu anatembenukira kwa ine.

"Aphunzitsi, zimenezi mumazidziwa ndinu. Tiuzeni, mapalewa ndi a liti?"

Ndikanatha kunena kuti sindikudziwa. Mawuwo anafika mpaka pa lilime. Koma amayi aang'ono anali atakhala patsogolo panga akundiyang'ana, ndipo pabwalopo panali makolo a ana amene ndimawauza tsiku ndi tsiku kuti asamapotoze umboni. Koposa zonse, zinali zidutswa zanu zili pa fumbi, akuzitcha dzina la munthu wina. Ndinatola limodzi n'kulitembenuza.

"Ndi mtsuko wa amayi anga," ndinatero. "Unali kumanda."

Azimayi anakuwa. Ena anabwera pafupi n'kuzindikira chidindo chanu, popeza theka la mudzi likumwerabe m'mitsuko yanu. Nkhani ya dimba inaiwalika kaye, inasanduka ya manda. Achimwene anawalipitsa mbuzi, ndipo pali ena mpaka lero amanong'onezana kuti munthu wolowa kumanda yekha sangakhale kuti anangofuna mapale. Zimenezo zimandipweteka, chifukwa achimwene si mfiti. Ndi munthu wamantha amene anaganiza mopusa.

Atabwerera ku nkhani ya malo, akuluakulu anati mbali zonse ziwiri zilibe umboni, koma mbali imodzi yagwidwa ikunama pamaso pa bwalo. Anagawa. Munda wa kumtunda ndi chulu chija zinatsala kwathu. Dimba ndi chitsime chanu zinapita kwa a Chidzanja. Achimwene anangololedwa kuzula mbande zawo.

Chigamulo chimenechi ndimachikayikira. Chinatuluka msanga kwambiri, ngati nyemba zimene zinaphikidwa dzulo. Pali amene amati anaona ngolo ya ku esiteti ikulowera kwa mmodzi wa akuluakulu aja mlandu usanalowe. Ndinafufuza. Amene anandiuza anamva kwa mkazi wa kuchigayo, wa kuchigayo anamva kwa mlamu wake, mlamuyo akuti analota kapena anamva, sakukumbuka. Palibe analipo. Ndiye ndatseka pakamwa, ngakhale mtima ukukana. Mwina dimba linali litapita kale ndisanatsegule pakamwa, mwina ndinalipereka ndine. Sindidzadziwa, ndipo palibe makina oyezera zimenezo.

Mapale anu amayi aang'ono anakawabwezera pamalo pake. Ine m'mawa uliwonse ndimadutsa pa dimba lija popita kusukulu. Akazi a matenanti amatunga pa chitsime chanu, amandipatsa moni mwaulemu, ndipo ndilibe nawo chifukwa, iwonso anangobweretsedwa. Mpiru umene unkatidyetsa m'chilimwe kulibe. Chaka chino kwa achimwene ndiwo azichita kugula kapena kupempha.

Chiyambire tsiku la mlandu, achimwene andilankhula kamodzi kokha. Tinakumana pa mlatho wa mitengo, popanda pothawira. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mwaphunzitsa bwino, aphunzitsi. Tsopano ana anga azidya mbiri." Anandipatsa ulemu wa mlendo, munthu amene ankandibereka kumsana popita kudimba komweko. Ndinafika kusukulu maso ali ofiira, ndinanamizira fumbi pamene mvula inali itagwa.

Ndikanakonda mukanandiuza ngati ndinachita bwino. Ndikayesa kuganiza zimene mukananena, tsiku lina ndimakumvani mukundiyamikira, tsiku lina mukunditukwana, ndiye ndazindikira kuti amene amayankhayo ndi ine ndemwe, ndipo ndili ndi chodyapo. Chimene ndikudziwa n'chakuti atandifunsanso lero ndinganene zomwezo, ndipo ndingalirenso chimodzimodzi.

Fodya wa achimwene wayamba kupsa, ndipo anthu amene ankabwera kudzawathandiza kusoka chaka chino akuzemba chifukwa cha manong'onong'o aja. Alamu akusoka okha mpaka zala kutupa. Loweruka likubwerali ndipita. Sindikapepesa, ndipo sindikayembekezera kuti andipepese. Ndikangolowa m'chigafa, ndikakhala pansi, ndikayamba kusoka. Akandithamangitsa ndidzapitanso Loweruka linalo, mpaka adzatope n'kunditchula dzina langa.

Dimba ndalephera kukusungirani, Amayi. Koma mwana wanu wamwamuna sindimutaya, limeneli ndiye ndikukulonjezani.

Ndine mwana wanu wokukondani ndi wokusowani,
Elube